Bulauzi Yoyera ya a Zelifa

A Zelifa ndi mayi wamfupi, wa mapazi ang'onoang'ono, woyenda mothamanga ngakhale kumene akupitako kulibe wowadikira. Amakhala m'mudzi wina wa kwa Kabudula, chakumunsi kwa dambo, m'nyumba ya zidina imene malemu amuna awo anaisiya asanaike chitseko cha kuchipinda. Sukulu analekezera sitandade folo. Kuyambira pa utsikana wawo ntchito yawo ndi ya fodya wa eni ake, kusoka masamba, kupachika m'chigafa, kusankha, mpaka zala zawo zinada zosayeranso ngakhale atazikwecha ndi phulusa. Fodya akatha amatsikira kudimba kukathirira mpiru ndi tomato.

Anabereka ana asanu, alipo ndi atatu. Zimenezo sakonda kuzikamba. Chimene ankakamba osatopa nacho ndi Chigwirizano, gulu la amayi a kutchalitchi kwawo. Analowa m'gululi chaka cha 1996, tsiku limodzi ndi mnzawo wa paubwana, a Loyce. Tsiku limene anawaveka yunifolomu, bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku, awiriwa anabwerera kunyumba akuyenda monyang'ama kuopa fumbi. Ali m'njira a Loyce anati:

"Iwe Zelifa, tipangane. Woyamba kufa, mnzake ndiye adzamuveke. Ine duku langali sindifuna lidzamangidwe ndi wina. Amayi enawa amamanga ngati akumanga mtolo wa nkhuni."

"Ndamva. Ndi nyimbo yomwe ndidzayambitsa ndine."

"Ndi mawu akowo? Ndidzadzuka m'bokosimo n'kukutsina."

Anaseka mpaka kugwirana mapewa, koma pangano linakhala pangano. Kwawoko mayi wa Chigwirizano akamwalira, omuveka yunifolomu ndi kumuzungulira ndi nyimbo amakhala anzake ovala yunifolomu basi. Wopanda yunifolomu salowerera ntchito imeneyo, ngakhale atakhala kuti ankadyera mbale imodzi ndi malemuyo.

Panapita zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri a Zelifa osajomba Lachinayi ndi limodzi lomwe, tsiku lokumana amayi a Chigwirizano, kupatula pa uchembere ndi pa maliro. Kenako mlongo wawo Yosefe anamwalira. Yosefe sanali wa tchalitchi, anali munthu wa gule, ndipo itakwana nthawi ya mpalo, mwambo womalizira maliro, panafunika mowa. Mlongo wake wamkazi anali mmodzi yekha, a Zelifa omwewa. Akubanja anati, mukapanda kumufululira inu, amufululira ndani? A Zelifa ankadziwa bwino lomwe kuti mkhristu wa mpingo wawo safulula mowa. Anafululabe, migolo iwiri. Mwambo utatha sanadikire kuti wina akawanenere, anapita okha kwa akulu ampingo.

Anawayimitsa. Mgonero asadye, yunifolomu asavale, alowenso kalasi chaka chathunthu, ndipo akayenda bwino adzawabwezera pa mgonero wa mu Okutobala chaka chotsatira. A Zelifa anapinda yunifolomu ija, kuika pansi pa sutikesi, n'kuyamba kukhala benchi ya kumbuyo.

Chaka chimenecho ndi chomwe a Loyce anayamba kudwala m'mimba. Anapita nawo kuchipatala kawiri, kachitatu, ulendo womaliza anangowauza kuti bwererani kunyumba muzikamwa mankhwala opha ululu. A Zelifa ankapita kukawaona tsiku lililonse akachoka kudimba, ndipo a Loyce ankawalandira ndi mawu amodzimodzi.

"Kwatsala miyezi ingati?"

"Itatu."

"Fulumira, mwana wa eni. Ine ndikungodikira iwe."

Mu Ogasiti, sukulu zitatsekera, kunabwera achinyamata asanu ndi atatu ochokera ku tauni, ophunzira kujambula zithunzi, pamodzi ndi mphunzitsi wawo. Ankagona m'makalasi a kupulayimale. Mphunzitsiyo anawauza kuti aliyense asankhe munthu mmodzi, akhale naye sabata ziwiri, amudziwe kaye, ndipo masiku atatu oyamba kamera isatuluke m'chikwama. Pamjigo amayi ankachita kukankhana kufuna kusankhidwa. Mtsikana wina dzina lake Caroline, wamtali, wa tsitsi lometa, anadutsa onsewo n'kukaima pamaso pa mayi yekhayo amene anatembenuka kubisa nkhope.

"Amayi, ine ndasankha inu."

"Ine? Mwanawe, wasowa anthu? Taona anzangawa adzola kale mafuta."

"Ndasankha inu basi."

A Zelifa anayesa kumuzemba, koma m'mawa mwake anamupeza ataima kale pakhomo, atamanga chitenje mopotoka. Anapita naye kudimba. Mtsikanayo ananyamula kheni, anathirira mapazi ake kuposa mpiru, ndipo pofika masana m'manja munali matuza okhaokha. Mafunso ndiye sankamuthera. Munabadwira kuti? Amuna anu munakumana nawo bwanji? Mumaopa chiyani? A Zelifa ankayankha mwachidule, maso ali pa ntchito, koma mumtima ankadabwa. Anthu anawafunsapo mtengo wa tomato, anawafunsapo ngati fodya wauma, koma chibadwire panalibe anawafunsapo chimene amaopa. Pofika tsiku lachitatu anazindikira kuti akumusungira mbatata yootcha mtsikana uja.

Kamera itatuluka ndi pamene zinavuta. Akangoiona, a Zelifa ankaima njo ngati msilikali, manja m'mbali, milomo yotseka, maso osaphethira. Ndi mmene anaphunzirira kwa ojambula a panjinga akale aja, kuti ukagwedezeka filimu yawonongeka.

"Amayi, masukani. Ganizani chinthu chosangalatsa."

"Ndamasuka."

"Mwagwira mpweya!"

"Nanga ujambula liti? Ndikomoka ine."

Caroline anajambula kudimba, anajambula pankhokwe, anajambula zala zakuda zija zikusenda mtedza. Madzulo amodzi anabwera nkhope itagwa. Mphunzitsi anali ataona zithunzizo n'kunena kuti izi ndi za pa chitupa chovotera, munthu wake mulibemo. Kunali kutatsala masiku anayi kuti abwerere.

Tsiku lotsatira linali Lachinayi. Awiriwa ali pakhonde akusankha nyemba, mumsewu munadutsa amayi a Chigwirizano, mzere woyera mbee, akuimba, ulendo wokapemphera ndi a Loyce. Manja a Zelifa anaima m'lichero. Milomo yawo inkatsatira nyimboyo popanda mawu. Amayiwo atakhota pa mtengo wa mango, a Zelifa anaona kuti Caroline sakuyang'ana mumsewu, akuyang'ana iwo.

"Amayi, nkhope imeneyi ndiye ndimaifuna ija. Mumawadziwa amenewa?"

"Ndine mmodzi wa iwo."

"Nanga bwanji simunapite nawo?"

"Ndikupuma kaye."

Anayankha choncho chifukwa cha manyazi. Mwanayu ankawatenga ngati munthu wolemekezeka, ndipo nkhani ya migolo iwiri ya mowa sanafune kuti aimve. M'malo mwake anamulowetsa m'nyumba, kutsegula sutikesi, kutulutsa bulauzi ija. Inkanunkha sopo ndi chinyontho. Anamuonetsa pamene anasoka pamanja kolala itang'ambika, anamuuza za tsiku lowaveka, za a Loyce ndi mtolo wa nkhuni. Anayankhula kuposa mmene anayankhulira sabata yonse.

Caroline kwawo amapemphera tchalitchi cha m'tauni chopanda mayunifolomu. Kwa iye chinali chovala chokongola chimene mwini wake amachikonda.

"Tavalani, amayi. Kamodzi kokha."

"Iyayi."

"Chonde. Mukavala imeneyi simuimanso ngati msilikali, ndikudziwa."

A Zelifa anasisita bulauzi ija pamiyendo pawo. Miyezi khumi inali itatha asanaimve pathupi.

"Zithunzi zakozi zimakaonekera kuti?"

"Kusukulu kwathu, ku tauni."

"Kuno ayi?"

"Kuno mudzangolandira chanu mu envelopu."

"Ubwere mawa m'mawa," anatero a Zelifa.

Kutacha anakoleza makala, kuika m'simbi, kuyala bulangete pamphasa, n'kusita bulauzi ija mpaka mizere ya m'manja inaima ngati mpeni. Anavala m'nyumba, chitseko chili chotseka. Caroline atafika anatsegula pang'ono chabe, kuti kuwala kugwere mbali imodzi ya nkhope, ndipo sananene kuti masukani. A Zelifa anakhala pa mpando, kukonza duku, ndipo mosazindikira anayamba kung'ung'udza nyimbo ya dzulo ija. Kamera inalira kangapo, iwo osaimva n'komwe. Atatha anavula msangamsanga, kupinda, kubwezera pansi pa sutikesi. Mtima unkawagunda ngati aba, komanso unali wopepuka, ndipo tsiku limenelo anathirira dimba lonse osapumira.

Ophunzira aja anapita. Kumapeto kwa Seputembala, patatsala sabata zitatu kuti mgonero ufike, anabweranso. Mphunzitsi wawo anali ataganiza kuti si ulemu kutenga nkhope za anthu kukazionetsa kwa alendo eni ake asanazione. Ndiye Loweruka lina anamanga zingwe m'kalasi ya sitandade eyiti, kupachika zithunzi zonse ndi zopanira zovala, n'kuitana mudzi wonse. Cha Caroline ndi chimene chinaposa zonse, choncho anachitsukitsa chachikulu ngati kalendala n'kuchiika moyang'anizana ndi khomo. Zoti analonjeza envelopu yokha, Caroline mwina anaiwala, mwina anaona ngati n'zazing'ono poyerekeza ndi chimwemwe chimene amayi ake a kumudzi akhale nacho.

A Zelifa anafika mochedwa, kuchokera kudimba, matope ali kumapazi. Ali panja ankamva phokoso ndi kuseka.

"Taonani makutu a ankolo, ngati akufuna kuuluka!"

"Iwe, amenewo ndi makutu a banja, nawenso uli nawo!"

Atalowa, phokoso la pakhomopo linazima. Anadziona. Sanadziwe kuti nkhope yawo imatha kuoneka choncho, yofewa, maso onyezimira, ngati mayi amene sanaikepo mwana m'manda. Kwa kamphindi anaiwala zonse. Kenako anaona amene anaima pansi pa chithunzicho, manja kumbuyo, magalasi ali pamphuno. Anali a Jonathan, mphunzitsi wopuma ntchito, mkulu wampingo amene ankawaphunzitsa kalasi. Pambali pawo panali Mayi Rhoda, apampando a Chigwirizano.

Caroline anabwera akuthamanga, kuwakumbatira.

"Amayi, mwapambana! Aliyense ku tauni amafunsa za inu!"

Mayi Rhoda ndiwo anamukokera pambali n'kumunong'oneza. A Zelifa anaona nkhope ya mtsikanayo ikusintha, dzanja likupita pakamwa. Anathamangira kukachotsa chithunzicho, zopanira zikugwa pansi, koma mudzi wonse unali utaona kale.

Caroline anawalondola kunyumba masana omwewo akulira.

"Bwanji simunandiuze, amayi?"

"Nanga iwe bwanji sunandiuze kuti ubwera nacho kuno?"

Caroline anang'amba pepala m'kope lake, kulemba kalata yopita kwa akulu ampingo. Analemba kuti iye ndiye anaumiriza, kuti amayi anakana kambirimbiri, kuti anachita kuwaveka yekha. Anawawerengera mokweza, n'kukaisiya kwa a Jonathan galimoto yawo isananyamuke.

Bwalo la akulu ampingo linakhala Lachitatu masana, m'kachipinda ka kumbuyo kwa tchalitchi. A Zelifa anakhala pa mkeka, miyendo yotambasula. A Jonathan anawerenga kalata ija pang'onopang'ono, kuipinda, kuvula magalasi. Si munthu wankhanza ayi. Matenda a Loyce ankawadziwa, ndi pangano lija lomwe, pakuti m'mudzimo palibe amene sankalidziwa.

"Mayi, chaka chonsechi simunajombepo kalasi. Mtsikanayu ndi mlendo, sadziwa malamulo athu, ndipo walemba kuti anakuumirizani. Ngati zinali choncho, tiuzeni, nkhani ithere pano. Anakuumirizani, eti?"

Khomo lothawira anali atawatsegulira, aliyense m'chipindamo ankaliona. Mayi Rhoda anagwedeza mutu pang'ono, kuwalimbikitsa. Panangofunika kuti eya. A Zelifa anaganiza za a Loyce ali pamphasa, mikono itatsala ngati bango. Anatsegula pakamwa kuti anene. Koma chimene chinawabwerera ndi fungo la makala m'simbi m'mawa uja, ndi mmene mtima unawapepukira. Anaganiza zotambasula dzanja kulandira mkate wa mgonero, a Jonathan omwewa akuwapatsira, onse awiri akudziwa.

"Anandipempha, abambo. Koma sanandiumirize. Ndinamuuza ndine kuti abwere mawa lake. Makala ndinakoleza ndekha, kusita ndinasita ndekha."

A Jonathan anatseka maso. Wina anatsokomola. Anawatulutsa panja kuti akambirane, ndipo atawaitananso anawauza kuti mpingo wayamikira kunena zoona kwawo, koma lamulo ndi lamulo. Apitirize kalasi mpaka mgonero wa pa Pasaka.

Kuchoka apo sanadzere kunyumba. Anapita kwa a Loyce, n'kuwapeza atawagoneka pakhonde kuti awothere dzuwa. Nkhani inali itafika kale, pakuti nkhani zotere sizidikira mwini wake.

"Ndamva kuti ndiwe woyera mtima tsopano," anatero a Loyce osatembenuka.

"Loyce."

"Kungoti eya. Mawu amodzi. Mwana wa eni ake anachita kukulembera, iwe n'kukana. Unafulula migolo iwiri chifukwa cha Yosefe, ine ndiye walephera kundinamira kamodzi?"

A Zelifa anakhala pansi pafupi ndi mapazi a mnzawoyo. Patapita nthawi a Loyce anatambasula dzanja.

"Chili kuti chithunzicho? Ndione chimene chandilanda munthu."

Caroline anali atawasiyira, ndipo a Zelifa anabwera nacho mawa lake, chitakulungidwa mu chitenje. A Loyce anachiyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pa duku.

"Unamanga bwino," anatero. Kenako anati, "Epulo ndi kutali, Zelifa."

A Loyce anayesetsa. Okutobala anadutsa, mvula yoyamba inagwa, anthu anawokera fodya, a Loyce akadali moyo, akuwerengabe miyezi ndi zala. Khirisimasi anadya supuni ziwiri za mpunga n'kunena kuti atsala ndi miyezi itatu yokha, aipirira. Anamwalira sabata yachiwiri ya Febuluwale, m'mawa, mvula ikuwaza.

A Zelifa ndiwo anali oyamba kufika pa siwa, atavala chitenje wamba ndi juzi. Anasesa, anatunga madzi, anakhala pafupi ndi mnzawoyo mpaka anamva nyimbo ikuchokera kumsewu. Amayi a Chigwirizano atafika pakhomo, iwo anadzuka okha, osadikira kuuzidwa. Anatsegula sutikesi ya a Loyce, kutulutsa yunifolomu, kuipereka m'manja mwa Mayi Rhoda.

"Duku musakoke kwambiri kumbuyoku. Mfundo izikhala chakumanzere, pansi pa khutu."

"Tamva, anzathu," anatero Mayi Rhoda, maso ali pansi.

Chitseko chinatsekedwa. A Zelifa anaima pansi pa tsindwi, madzi a padenga akuwadonthera paphewa, pakati pa amayi a m'mudzi amene ankachita ngati sakuwaona. M'katimo wina anayambitsa nyimbo, anaiyamba pamwamba kwambiri moti pofika pakati mawu anawathawa onse, n'kuyambiranso. Nthawi yoona nkhope itakwana, a Zelifa analowa pa mzere ngati wina aliyense. Mfundo ija inali kumanzere ndithu, koma duku linali litatsika mpaka pa nsidze. Dzanja lawo linanyamuka lokha kuti likonze. Wakumbuyo anawakhudza pamsana kuti mzere uziyenda, ndipo anayenda.

Pa Pasaka anawabwezera. Dzina lawo linawerengedwa, amayi anaimba nthungululu, ndipo Lachinayi lotsatira anavala yunifolomu yawo n'kupita. Amapitabe mpaka lero, safika mochedwa, sajomba.

Caroline anamaliza maphunziro ake, akuti amajambula maukwati ku tauni. Amaimba foni kwa mwana wa a Zelifa kamodzi pakanthawi, ndipo ulendo uliwonse amapepesa ngati zinachitika dzulo. A Zelifa amamuuza kuti asiye zimenezo, adye bwino, akwatiwe. Koma nyengo ya fodya, akakhala m'chigafa ndi amayi anzawo, masamba ali mulu pakati, nkhaniyi nthawi zina imabuka. Ena amati cholakwa chinali kuvala kuja. Ena amati ayi, cholakwa chinali kukana kuja, munthu akufa sumuyankha ndi malamulo. Amakangana mpaka mawu kukwera, kenako amakumbukira kuti mwini nkhani ali pomwepo, n'kumufunsa kuti nanga inu mumati bwanji.

"Tsiku lina ndimati kuvala, tsiku lina ndimati kukana," amatero a Zelifa, singano ikuboola masamba. "Koma mwana uja musamutchule. Iye anangofuna nkhope yanga."